Mphamvu ya dzuwa pamunda: modelo iti yoti muwerengere?

Mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, tayesani kudutsa opanda nsapato pamunda wongogalauza kumene ku Ngabu. Simufika patali. Mukathawira pa kapinga wothiriridwa wa pambali pomwepo mapazi amapuma, chonsecho dzuwa ndi lomwelo. Chasiyana ndi kumene mphamvu yake ikupita. Pa dothi louma yambiri imawotcha dothilo ndi mpweya wa pamwamba pake. Pa kapinga wonyowa yambiri imathera posandutsa madzi kukhala nthunzi.

Akatswiri amalemba zonsezi mu mzere umodzi: Rn = H + LE + G. Rn ndi mphamvu yotsalira pansi mukachotsa kuwala komwe nthaka yabweza ndi kutentha komwe yatulutsa kupita kumwamba. H ndi gawo lotenthetsa mpweya, G ndi lolowa m'dothi, ndipo LE ndi lija lapita ndi madzi ouluka kuchoka m'dothi ndi m'masamba, omwe ambiri amangowatchula kuti ET. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika pafupifupi 2.45 MJ (megajoule, muyeso wa mphamvu). Choncho munda wa chimanga wotaya mamilimita 5 pa tsiku wataya malita 50,000 pa hekitala, migolo 250 ya malita 200 ija, ndipo wadya mphamvu yopitirira 12 MJ pa sikweya mita iliyonse. Modelo ndi masamu otsanzira zomwe zimachitika pamunda, ndipo iliyonse yomwe ndikambe pano ikuyesa kugawa Rn m'magawo atatuwo. Kusiyana kwawo kuli pa zomwe amafuna kuti muwapatse, ndi zomwe amangodziganizira okha inu osadziwa.

Ndikulembera wophunzira wa ku Bunda, ku MUST, ku MUBAS kapena ku Chanco yemwe akulemba pulani ya kafukufuku, injiniya wa mthirira, ndi aliyense wa zankhalango kapena zanyengo yemwe wauzidwa kuti "tipangireni modelo".

Zoyamba kudzifunsa

Funso lanu ndi lotani kwenikweni? "Ndithirire madzi angati sabata ino" ndi funso lina, "dera likamatha mitengo masana azitentha bwanji" ndi linanso. Loyamba limangofuna LE. Lachiwiri limafuna magawo onse, ola ndi ola.

Muli ndi deta yanji m'manja lero? Ndikunena yomwe ili mu kompyuta yanu, osati yomwe wina wakulonjezani. Masiteshoni a Dipatimenti ya Zanyengo monga Chileka, Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Ngabu alipo, koma ndi otalikirana, ndipo mvula ndi kutentha n'zosavuta kupeza poyerekeza ndi kuwala kwa dzuwa, mphepo ndi chinyezi cha mumpweya za ola lililonse. Apa ndi pomwe mapulani ambiri amafera.

Malo anu ndi aakulu bwanji? Theka la ekala, sikimu ya mpunga, kapena chigwa chonse cha Shire?

Makina, magetsi ndi bandulo zikukwanirani? Pulogalamu ikhoza kukhala yaulere koma n'kukudyerani miyezi itatu ndi ndalama ya intaneti ya chaka.

Chomaliza, chomwe ambiri amachilumpha: mudzadziwa bwanji kuti yankho ndi loona? Modelo sikana kutulutsa manambala. Muipatse zolakwika, idzakujambulirani mapu okongola ndithu.

Njira yoyamba: FAO-56, CROPWAT ndi AquaCrop

Iyi ndi njira ya Penman-Monteith. Howard Penman anaiyamba mu 1948, John Monteith anawonjezera gawo la masamba mu 1965, ndipo bungwe la FAO linaikonza kukhala yogwiritsa ntchito alimi ndi mainjiniya mu 1998, m'chikalata chake cha nambala 56. Mumayamba mwawerengera madzi omwe angauluke pa kapinga wongoyerekeza, wotalika masentimita 12, wosasowa madzi, wobweza 23 peresenti ya kuwala. Nambala imeneyo ndi ETo. Kenako mumaichulukitsa ndi Kc, nambala yosonyeza mmene mbewu yanu imamwera madzi poyerekeza ndi kapinga uja. Chimanga chimayambira pa 0.3 chili chanthete, chimafika 1.20 chikamasula, n'kutsika chikamauma. Nzimbe zimafika 1.25. Tiyerekeze kuti ETo ya tsiku lina lotentha ndi mamilimita 6: chimanga cha mthirira chomasula chifuna 7.2, kutanthauza malita 72,000 pa hekitala.

*Mtengo.* Palibe cholipira. CROPWAT ndi AquaCrop, mapulogalamu a FAO owerengera madzi a mbewu, ndi aulere, ndipo masamu akewo mukhoza kuwalemba nokha mu Excel madzulo amodzi. Ndimalimbikitsa aliyense kutero kamodzi pa moyo wake, chifukwa ndi pomwe mumaonera ndi maso kuti mphepo ikakwera pang'ono yankho limasuntha bwanji.

*Kapezekedwe.* Laputopu yakale ya Windows ikukwana, ndipo mukakopera kamodzi intaneti sifunikanso. Mumafuna kutentha kwa masana ndi kwa usiku, chinyezi, mphepo ndi maola a dzuwa. Zina zikasowa pali pothawira: njira ya Hargreaves ya mu 1985 imangofuna kutentha kokha, ndipo FAO imalola kuika mphepo ya mamita 2 pa sekondi ngati simunayeze. Tsamba la pa intaneti la NASA POWER limaperekanso manambala a tsiku ndi tsiku a malo alionse.

*Kasamalidwe.* Kochepa. Ntchito yeniyeni ndi kuyeretsa deta: masiku osowa, mwezi womwe munthu analemba kutentha kwa masana m'danga la kwa usiku, zotero.

*Misampha.* Njirayi sikupatsani H kapena G payokha, ndipo pa tsiku lathunthu G imangotengedwa ngati ziro. Ngati funso lanu ndi la kutentha kwa dothi kapena kwa mpweya, mwalowa khomo lolakwika. Chachiwiri, Kc ya m'matebulo ndi ya mbewu yodya bwino, yobzalidwa yokha, yopanda matenda. Chimanga chomwe sichinaone feteleza wobereketsa, chosakaniza ndi nandolo ndi maungu, sichifika 1.20. AquaCrop, yomwe inatuluka mu 2009, imachitako bwino apa chifukwa imatsatira mmene masamba akuphimbira nthaka ndipo ili ndi poikira kuperewera kwa chonde, koma nayonso imaganiza za mbewu imodzi pamunda. Hargreaves imakweza manambala kumalo achinyezi ndipo imawatsitsa kumalo a mphepo yamphamvu, ndiye kunyanja nthawi ya mwera muziikayikira.

Njira yachiwiri: zithunzi za setilaiti

Apa ganizo ndi lija la mapazi ku Ngabu: pomwe madzi akuuluka pamazizira. Setilaiti ikayeza kutentha kwa pamwamba pa nthaka, mumawerengera Rn ndi G, mumayerekeza H, ndipo chotsalacho ndi LE. SEBAL ya Wim Bastiaanssen wa ku Netherlands inasindikizidwa mu 1998. METRIC ya gulu la Richard Allen ku Idaho inamangidwa pamwamba pa SEBAL. SSEBop ya Gabriel Senay wa ku USGS ndi yophweka kuposa ziwirizi, ndipo ndi yomwe FEWS NET, ntchito yochenjeza za njala pasadakhale, imagwiritsa ntchito poonetsa madera omwe chilala chikuluma. Palinso WaPOR ya FAO, yomwe inayamba mu 2017. Iyi si pulogalamu yoti muyendetse, ndi mapu ophikaphika: ET ya masiku khumi alionse, yogawidwa kale kukhala ya m'dothi, ya m'masamba ndi ya mvula yotsakamira pamasamba.

*Mtengo.* Zithunzi za masetilaiti a Landsat zakhala zaulere kuyambira 2008, WaPOR ndi yaulere, ndipo Google Earth Engine, makina a Google owerengera zithunzi za setilaiti pa intaneti, salipiritsa ochita kafukufuku wosagulitsa. Chomwe chimadula ndi bandulo: chithunzi chimodzi cha Landsat 8 kapena 9 chimayandikira 1 GB. Mukagwirira ntchito mu Earth Engine simukopera zithunzizo, mumangotsitsa zotsatira, ndipo magetsi akazima ntchito yomwe munatumiza imapitirira kumakina awo.

*Kapezekedwe.* Landsat 8 inakwera mu 2013, Landsat 9 mu 2021. Iliyonse imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16, ziwirizo pamodzi masiku 8, cha m'ma 10 koloko m'mawa. MODIS imadutsa tsiku lililonse koma kabokosi kake ka kutentha, kutanthauza kadera komwe setilaiti imakapatsa nambala imodzi yokha, ndi kilomita imodzi. Sentinel-2 imaona bwino mpaka mamita 10 koma ilibe choyezera kutentha, ndiye payokha singachite SEBAL. Mudzamvanso za OpenET, yomwe anthu amaitama kwambiri. Imeneyo ndi ya ku United States, kuno siikuthandizani.

*Kasamalidwe.* Kwa WaPOR, palibe kwenikweni, kupatula kusamala kuti musasakanize manambala a mtundu wakale ndi watsopano, poti tibokosi tawo ndi tosiyana kukula. Kwa SEBAL ndi METRIC, chithunzi chilichonse chimafuna maso anu.

*Misampha.* Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira yomwe ophunzira ambiri akuthamangira.

Msampha woyamba ndi mitambo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi yomwe chimanga chathu chili m'munda, mukhoza kupeza zithunzi zoyera ziwiri kapena zitatu zokha nyengo yonse. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimakubisiraninso Juni ndi Julayi. Setilaiti imaona bwino m'chilimwe, ndiye imakondera mthirira, osati ulimi wodalira mvula.

Wachiwiri ndi kukula kwa kabokosi. Mapu a Landsat amalembedwa kuti ndi a mamita 30, koma choyezera kutentha chimaona mamita 100, kutanthauza hekitala yathunthu. Mu hekitala imodzi ya kumudzi muli minda ya mabanja atatu, mtengo wa mango, njira, chulu ndi denga la malata. Nambala yomwe mupeze ndi phala la zonsezo. Ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo kapena ku Dwangwa, komwe chigawo chimodzi chimatenga mahekitala ambiri, vutoli limachepa kwambiri. M'dimba la m'mphepete mwa dambo, iwalani.

Wachitatu ndinaugweramo ndekha. SEBAL imafuna kuti musankhe tibokosi tiwiri: kozizira, pomwe madzi akuuluka mokwanira, ndi kotentha, pomwe sakuuluka n'komwe. Zonse za pakati zimayezedwa ndi tiwirito. Pa chithunzi china cha mu Seputembala ndinangouza kompyuta kuti indipezere potentha kuposa ponse, ndipo inandipezera. Mapu anatuluka okongola, koma minda youma gwa, ya mapesi okhaokha, inkaoneka ngati ikutaya madzi tsiku lililonse. Ndinakhala masiku awiri ndikusanthula masamu osapeza cholakwika. Tsiku lachitatu ndinatsegula chithunzi cha mitundu wamba n'kukulitsa pamalopo: panali bii, lupsa la dzulodzulo. Phulusa lakuda limamwa kuwala kuposa dothi, ndiye linatentha kuposa munda uliwonse wouma, ndipo poyerekeza nalo minda youmayo inkaoneka yozizirirako, ngati yachinyezi. M'dziko lomwe tchire limayaka chilimwe chonse, kabokosi kotentha muzikayang'ana ndi maso musanakavomereze. Miyala ya pamapiri ndi madenga a m'tauni zimapusitsa chimodzimodzi. SSEBop ilibe zosankha pamanja zimenezi, n'chifukwa chake imayenda bwino pa dera lalikulu, koma mapu ake a FEWS NET ndi a kilomita.

Otsetsereka a Zomba, Dedza ndi Mulanje nawo amasokoneza, poti mbali yoyang'ana kum'mawa imakhala itatentha kale pomwe setilaiti ikudutsa, ina ikadali mumthunzi.

Njira yachitatu: mamodelo a malo amodzi, HYDRUS-1D ndi SHAW

Awa amatenga kamalo kamodzi n'kukadula m'magawo kuyambira pamwamba kutsika pansi, ngati dzenje la chimbudzi mukuliyang'ana m'mbali, n'kumatsatira madzi ndi kutentha gawo ndi gawo. HYDRUS-1D ya Jirka Šimůnek ndi Rien van Genuchten ndi yodziwika kwambiri pa kayendedwe ka madzi, kutentha ndi mchere m'dothi. SHAW ya Gerald Flerchinger wa ku USDA inapangidwira madera omwe dothi limaundana ndi chisanu, zomwe ife sizitikhudza, koma ili ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali kuno: gawo lapadera la zinyalala zophimbira nthaka. Yemwe akufufuza ulimi wa mleranthaka, kuti mapesi ophimbira amatsitsa bwanji kutentha kwa dothi ndi kusunga chinyezi, apa ndiye pake.

*Mtengo.* Onse awiri ndi aulere. HYDRUS yoona m'mbali ziwiri kapena zitatu ndi yogula. Ndalama yeniyeni ili pa zoyezera: timasensa ta chinyezi ndi kutentha tokwirira pa kuya kosiyanasiyana, ndi kabokosi kosungira manambala, zomwe zimalowa m'madola mazana angapo pa malo amodzi. Ngati thumba silikulola, njira yakale ikadalipo: kukumba dothi, kuliyeza kulemera, kuliumitsa mu uvuni pa 105°C kwa maola 24, n'kuliyezanso.

*Kapezekedwe.* Laputopu wamba ikukwana. HYDRUS ili ndi mawindo odina ndipo ndi yosavuta kuphunzira. SHAW imafuna kuleza mtima ndi mafayilo a manambala. Kuti muone kusintha kwa usana ndi usiku mumafunika deta ya ola ndi ola, ndiye kasiteshoni kodzilembera kokha pamunda pomwepo n'kofunika.

*Kasamalidwe.* Kwambiri kali kumunda. Chiswe ndi makoswe amadya mawaya, khasu la waganyu limadula chingwe pa kupalira, ndipo sola yosiyidwa pamtunda usiku imamera miyendo. Kambiranani ndi mwini munda ndi amfumu musanakwirire chilichonse, ndipo pitani kukatenga manambala pafupipafupi, osadikira kukolola.

*Misampha.* Waukulu ndi makhalidwe a dothi. HYDRUS ili ndi kachida kotchedwa Rosetta: mumakauza kuchuluka kwa mchenga ndi dongo, iko n'kukuuzani mmene dothilo limasungira ndi kudutsitsa madzi. Koma kanaphunzira kwambiri pa dothi la ku North America ndi ku Europe. Katondo wathu wofiira ali ndi dongo lambiri, koma dongolo limaumbana timibulu ndipo madzi amadutsa msanga kuposa mmene kachidako kangaganizire. Makande a ku chigwa cha Shire ndi nkhani inanso: akauma amang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula yoyamba imatsikira m'ming'alumo, pomwe masamu wamba a modeloyi amaganiza kuti madzi amalowa mofanana ponseponse. Kenako pali mizere. Modelo ya mbali imodzi imaona munda wosalala, koma ife timalima mizere, ndipo pamwamba pa mzere ndi m'khwawa mwake ndi maiko awiri osiyana pa kutentha ndi chinyezi. Ndipo musaiwale kuti yankho ndi la kamalo komwe munakwirira masensa. Kulitambasulira boma lonse ndi bodza.

Njira yachinayi: Noah-MP, CLM5 ndi JULES

Awa ndi akuluakulu, omwe amakhala pansi pa mamodelo olosera nyengo. Mbiri yawo inayamba mophweka: mu 1969 Syukuro Manabe ankatenga nthaka yonse ngati ndowa yosunga madzi okwana masentimita 15, ikadzaza n'kusefukira. M'ma 1980 kunabwera BATS ndi SiB zomwe zinaikamo masamba enieni okhala ndi timabowo totseguka ndi kutseka. Lero Noah-MP imayenda mkati mwa modelo yolosera nyengo ya WRF, CLM5 ndi ya ku NCAR ku Boulder ndipo ndi gawo la CESM, modelo ya nyengo ya dziko lonse lapansi, pomwe JULES ndi ya ku Britain, yomwe Met Office imagwiritsa ntchito. Onsewa amakupatsani Rn, H, LE ndi G pa theka la ola kapena ola lililonse, pamodzi ndi chinyezi cha dothi, madzi othamanga pamtunda, ndi kaboni ngati mwafuna.

*Mtengo.* Ochita kafukufuku salipira. Mumalipira ndi nthawi. Munthu wosadziwa Linux ayembekezere miyezi asanaone nambala yoyamba yomveka, ndipo masabata oyamba amathera pa kulimbana ndi chilankhulo cha mapulogalamu cha Fortran ndi mafayilo a NetCDF kuti pulogalamu ingoyaka chabe.

*Kapezekedwe.* Noah-MP ndi CLM zili pa GitHub. Malo amodzi mukhoza kuyendetsa pa laputopu yabwino. Dziko lonse kwa zaka makumi atatu limafuna makina aakulu, monga a ku CHPC ku Cape Town kapena a yunivesite yomwe mukugwira nayo ntchito. Zoipatsa ndi zisanu ndi ziwiri, zonse za maola atatu alionse kapena pafupipafupi kuposa apo: kuwala kwa dzuwa, kutentha kotsika kuchokera kuthambo, kutentha kwa mpweya, chinyezi, mphepo, kulemera kwa mpweya ndi mvula. Pafupifupi aliyense kuno amazitenga ku ERA5, deta ya nyengo yapita yokonzedwa ndi likulu la zanyengo la ku Europe la ECMWF, ya makilomita pafupifupi 31, kapena ERA5-Land ya makilomita 9 yomwe imabwerera mpaka 1950. Mvula ndi bwino kuikonza ndi deta ya mvula ya CHIRPS, yomwe imayambira 1981, kapena TAMSAT ya ku University of Reading. Deta ya dothi imachokera ku mapu a SoilGrids a mamita 250.

*Kasamalidwe.* Kolemera. Musanakhulupirire chilichonse muyenera kuiyendetsa zaka zingapo mobwerezabwereza kuti chinyezi cha pansi chikhazikike. Mafayilo amadzaza disiki msanga. Magetsi akazima pakati mumayambira pomwe munasunga komaliza, ngati munakumbukira kusunga. Ndipo munthu mmodzi yemwe amaidziwa akachoka, ntchito yonse imaima.

*Misampha.* Zomera zathu sizimvera malamulo omwe analembedwa m'mamodelowa. Miombo imaphuka masamba atsopano ofiira mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe n'dontho lomwe, ikumwa madzi akuya. Noah-MP mwachizolowezi ili ndi magawo anayi a dothi ofika mamita 2 okha, ndipo mizu ya miombo imapyola pamenepo. Zotsatira zake, modelo imaona nkhalango yogona pomwe yeniyeni yadzuka kale ndipo ikutulutsa nthunzi, ndiye imakweza H n'kutsitsa LE pa miyezi yotentha kwambiri. Msangu ndiye umachita zosemphana kotheratu: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kubiriwira m'chilimwe. M'matebulo a zomera a mamodelowa mulibe mtengo wotero. CLM5 ili ndi chimanga, mpunga, nzimbe, soya ndi thonje, koma mbewu iliyonse imaipatsa munda wakewake, ndiye chimanga cha pansi pa msangu chosakaniza ndi nandolo sichipezeka. Madambo, omwe amasunga chinyezi mpaka mkati mwa chilimwe, amasowa m'kabokosi ka makilomita 9. Mvula ya ERA5 nayo imakonda kugwa yowaza masiku ambiri m'malo mwa yamkuntho ya ola limodzi ija timaidziwa, ndipo zikatero modelo imauluza madzi ambiri pamasamba omwe kwenikweni akanathamanga pansi.

Nanga choyesera?

Chida chomwe chimayeza H ndi LE mwachindunji ndi nsanja ya eddy covariance, yomwe imawerenga mphepo ndi nthunzi maulendo 10 kapena 20 pa sekondi. Imadula madola masauzande makumi angapo, imafuna munthu woiyang'anira, ndipo imafuna malo ofanana otalika pafupifupi maulendo 100 a kutalika kwa nsanjayo kumbali yochokera mphepo. Ngakhale iyoyo sikwanitsa: mukaphatikiza H ndi LE zomwe yayeza, kawirikawiri zimangofika cha m'ma 80 peresenti ya Rn kuchotsa G. Nsanja zotere ndi zochepa mu Africa muno. Ya m'nkhalango ya miombo pafupi ndi Mongu ku Zambia ndi ya ku Skukuza ku South Africa zili ndi deta yopezeka mu FLUXNET, nkhokwe ya deta ya nsanja zoterezi, ndipo kwa wofufuza miombo ya Mongu ija ndiyo yoyandikira kwathu, ngakhale ili pa mchenga wa Kalahari osati pa katondo.

Kwa ambirife choyesera chidzakhala chotsika mtengo: madzi olowa ndi otuluka m'ngalande ya sikimu, chinyezi cha dothi choyezedwa sabata ndi sabata, kapena beseni la Class A loyezera madzi ouluka, la masentimita pafupifupi 121 m'mimba mwake. Besenilo mulitchingire, chifukwa mbuzi ikamwamo usiku manambala anu aonetsa chilala chomwe kulibe.

Ndiye musankhe iti?

Ngati mukukonza ndondomeko yothirira pa sikimu ya mpunga ngati ya ku Domasi, Limphasa kapena Bwanje, kapena mukuwerengera kukula kwa pampu ya sola ya kalabu ya alimi, tengani FAO-56 ndi CROPWAT, ndipo ndalama yotsalayo mugulire choyezera mvula ndi choyezera madzi m'ngalande. Mukafuna kudziwanso zokolola pa chaka cha ng'amba ngati cha 2015/16 kapena 2023/24, onjezerani AquaCrop ndi deta ya zokolola zenizeni za nyengo ziwiri kapena zitatu.

Ngati muli ndi minda ikuluikulu ya mthirira ndipo mukufuna kuona chigawo chomwe chikumwa kwambiri kapena chomwe madzi sakufika, kaya ku nzimbe kaya m'dera la mahekitala oposa 40,000 lomwe ngalande yochokera ku Kapichira ikuyembekezeka kuthirira, yambani ndi WaPOR. Ikakuperewerani, pitani ku SEBAL kapena METRIC mu Earth Engine, pa miyezi ya Meyi mpaka Okutobala.

Wotsatira chilala m'boma lonse kapena m'dziko lonse asavutike kumanga chake: mapu a SSEBop ndi CHIRPS akumukwanira.

Wophunzira wa digiri yachiwiri yemwe ali ndi chaka chimodzi ndi timinda toyeserera pa siteshoni ya kafukufuku, funso lake lili la kuphimbira, mthunzi kapena kutentha kwa dothi pa kumera kwa mbewu, atenge SHAW. Likakhala la madzi kapena mchere wokwera m'dothi la mthirira, atenge HYDRUS-1D, koma ayeze yekha makhalidwe a dothi lake m'labu m'malo modalira Rosetta.

Noah-MP, CLM5 ndi JULES ndi za yemwe funso lake likukhudza mpweya weniweniwo: kutha kwa miombo kukusintha bwanji kutentha kwa masana, kapena chinyezi cha dothi chikukhudza bwanji mvula yoyamba. Ngati mudzalumikiza ndi WRF, tengani Noah-MP. Ngati nkhani ndi kaboni ndi mbewu pa zaka zambiri, CLM5. JULES ndi yanzeru pomwe okuyang'anirani kapena anzanu a pulojekiti ali ku Britain ndipo amaiyendetsa kale. Pa atatuwa ine sindingayambe ndisanapeze zinthu ziwiri: makina oyendetsera omwe sazima, ndi munthu woti ndikamulembera uthenga Lachisanu madzulo kuti pulogalamu yakana kuyaka, Lolemba andiyankhe.